Feteleza mwathira koma mbewu zikukana: mmene mungafufuzire vuto la mafangasi othandiza a m'nthaka kuno ku Dedza

Mvula ikangodula mu Januwale, madandaulo amakhala omwe aja a chaka chatha. Wa ku Linthipe akuti chimanga chafiira masamba pomwe feteleza wokulitsa anathira. Wa ku Golomoti akuti dzuwa la sabata imodzi lapinda masamba munda wonse, koma wa mnzake wochita nawo malire uli biriwiri. Wina kaufiti wamulanda munda. Ambiri timathamangira kunena kuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu, kapena kuti mbewu anatigulitsa yabodza. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri nthaka yathu ndi imene yatha zamoyo, ndipo zina mwa zamoyo zimene zimayamba kutha ndi mafangasi othandiza mizu, tizamoyo ta mtundu wa bowa ndi nkhungu.

Ndichenjezeretu: palibe chizindikiro chimene chimaloza mafangasi okha. Nchifukwa chake pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi zoyambitsa zimene zimachitika kawirikawiri, ndipo mudzaona kuti mafangasi nthawi zambiri ali chakumunsi kwa mndandanda. Yambani kufufuza zapamwambazo.

## Amene akukhala m'nthaka yanu

Mafangasi othandiza si mtundu umodzi, ndipo gulu lililonse lili ndi chimene chimalipha.

- Okhala m'kati mwa mizu ya mbewu, otchedwa maikoraiza. M'gululi muli Glomus, Rhizophagus, Acaulospora ndi Gigaspora. Sabala bowa ndipo simungawaone ndi maso. Amalowa mu muzu, n'kutulutsa ulusi wopyapyala kwambiri umene umafika kumene muzu sungafike, kukatenga fosifolasi, zinki ndi madzi. Mbewu imawalipira ndi shuga wochokera m'masamba. Sangaswane popanda muzu wamoyo.
- Okuta mizu ya mitengo monga masuku, mombo, mchenga ndi paini. Amenewa ndi amene amatibalira ndelema ndi manyame nthawi ya dzinja.
- Owoletsa mapesi, masamba ndi udzu kuti zisanduke chakudya cha mbewu.
- Olimbana ndi adani a mbewu. Trichoderma amadya mafangasi anzake owoletsa mizu, pomwe Metarhizium ndi Beauveria amagwira tizilombo n'kutipha.

Munda wogalauzidwa chaka ndi chaka, wotenthedwa, wobzalidwa chimanga chokhachokha, umatsala ndi mitundu yochepa yopirira khasu, makamaka ya m'gulu la Glomus. Ya m'gulu la Gigaspora imachepa msanga. Kuchuluka kwa mitundu kuli ndi ntchito chifukwa sagwira mofanana: ina imatha kukoka fosifolasi kutali, ina imateteza muzu ku matenda, ina imapirira nthaka youma kapena ya asidi. Chaka cha ng'amba chimafuna ena, chaka cha mvula yambiri chimafuna ena.

## Chimanga chaching'ono chafiira masamba ndipo chapinimbira

Kufiira koderako kumene kumayambira kunsonga ndi m'mphepete mwa masamba akumunsi, chimanga chisanafike m'mawondo, kumasonyeza kuti mbewu sikupeza fosifolasi wokwanira. Funso ndi lakuti chifukwa chiyani.

1. Feteleza wokulitsa anachepa, anachedwa kapena anathiridwa pamwamba. Fosifolasi sayenda m'nthaka monga amachitira nayitrojeni wa mu Urea. Pamene mwamuika ndi pomwe amakhala. Ngati munamwaza pamwamba, kapena munathira patatha masabata atatu chimanga chitamera, musafufuzenso zina. Dziwaninso kuti thumba la 23:10:5+6S+1.0Zn lili ndi fosifolasi wochepa kuyerekeza ndi la 23:21:0+4S limene tinazolowera kale, ngakhale lili ndi potashi ndi zinki zimene lakale linalibe. Chaka chamawa thirani pobzala kapena chikangomera, pa dzenje pafupi ndi phando, n'kukwirira.
2. Nthaka yazizira kapena yadzaza madzi. Kumtunda monga ku Bembeke zimenezi zimachitika mitambo ikakhalitsa. Dzuwa likawala masiku angapo masamba atsopano amatuluka obiriwira. Mitundu ina ya chimanga imafiiranso mwachibadwa ikadali yaing'ono, choncho onani ngati chikukula kapena chaima.
3. Nthaka ili ndi asidi wambiri. Katondo wofiira amagwira fosifolasi n'kumumana mbewu. Izi simungazidziwe ndi maso, n'zofunika kupima nthaka.
4. Mizu yakanika kulowa pansi chifukwa cha nthaka yolimba. Onani chizindikiro chotsatira.
5. Maikoraiza achepa.

Pa chachisanuchi, umboni wabwino ndi mbiri ya munda. Kabichi, repu, mpiru ndi tchainizi salola maikoraiza kulowa m'mizu yawo. Bonongwe nayenso sawasunga kwenikweni. Ndiye mlimi wolima kabichi wa ku msika wa Lizulu zaka ziwiri kapena zitatu pamalo amodzi, akabzalapo chimanga kapena anyezi, amayamba ndi nthaka imene mafangasiwa akhala ndi njala nthawi yaitali. Imani kumutu kwa munda n'kuyang'ana: ngati kufiirako kukutsata ndendende malire a pamene panali kabichi, n'kulekera pamene panali nyemba kapena mtedza, mwapeza poyambira. Zimachitikanso pamalo pamene panakhala popanda chomera chilichonse chaka chathunthu, pamene panaima madzi nthawi yaitali, ndi pamene dothi lapamwamba linakokoloka kapena linatengedwa kukaumbira njerwa.

Chochita chaka chino: thirani manyowa owola bwino pafupi ndi phando ndipo musachedwetse feteleza wobereketsa. Mafangasi sabwerera sabata imodzi. Chochita chaka chamawa: pambuyo pa kabichi bzalani nyemba, soya, mtedza kapena khobwe musanabwezerepo chimanga, ndipo m'dimba musalole bedi limodzi kulandira mbewu za m'banja la kabichi motsatizana.

Mizere yoyera kapena yachikasu pakati pa masamba atsopano ndi nkhani ina, nthawi zambiri ya zinki kapena salufa. Zinki nayenso amadalira kwambiri maikoraiza, choncho mbiri ya munda ifufuzidwe chimodzimodzi.

## Mbewu zikufota msanga mvula ikadula masiku ochepa

Ili ndiye dandaulo lalikulu kumunsi, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kumene kumatentha ndipo mvula imadukizadukiza. Ndinene mosabisa kuti palibe fangasi imene ingapulumutse chimanga pa ng'amba yonga ya nyengo ya 2023/24, imene inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024. Tikunena za munda umene ukugonja msanga kuposa wa mnzanu pa mvula yomweyo.

1. Madzi sakulowa pansi. Mizere yotsetsereka, kusowa kwa ngonyeka, kapena nthaka youma gwa pamwamba. Mvula ikangokata pitani kumunda mukaone kumene madzi akupita.
2. Pansi pa mizere pali nthaka yolimba. Khasu likamalekera pamalo amodzimodzi zaka zambiri, pansi pakepo pamauma ngati pabwalo. Tengani waya wokhuthala kapena chitsulo chosongoka, mubaye nthaka ikadali yonyowa. Chikaima msanga malo ambiri, zulani phando limodzi: mizu yopindikira m'mbali m'malo molowa pansi ikutsimikizirani.
3. Nthaka ilibe zowolerana. Imayera mbuu, imauma tsiku limodzi.
4. Mizu yadyedwa ndi mphutsi zoyera, chiswe kapena manematodi, tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'nthaka. Mbewu zotere zimafota apa ndi apo, osati munda wonse.
5. Ulusi wa mafangasi unaduka, ndipo dothi silikugwirana.

Chachitatu ndi chachisanu zimayendera limodzi, ndipo pali njira yoziyesera pakhomo imene ndimaikonda chifukwa siilira ndalama. Tengani zibuma ziwiri zouma, zazikulu ngati dzira. China chichokere pakati pa munda, china pansi pa msangu kapena m'malire mmene simupita khasu. Thirani madzi oyera m'matambula awiri, muike kasefa kapena kachidutswa ka neti pakamwa pa tambula moti kamire pang'ono, n'kukhazikapo chibuma. Cha m'munda wotopa chimayamba kutulutsa thovu, n'kusweka nthawi yomweyo, dothi n'kumagwa pansi mpaka madzi onse kuda. Cha pansi pa mtengo chimamwa madzi koma chimakhalabe chathunthu, madzi ali mbee, ndipo mukachinyema ndi zala mumapeza timibulu tating'ono tolendewera ku timizu. Chimene chagwira timibulu timeneto ndi mizu, ulusi wa mafangasi ndi zomata zimene zamoyo za m'nthaka zimatulutsa. Zimene mwaona m'tambulamo ndi zomwe zimachitika mvula yoyamba ikagwa pamunda: dothi losweka limatseka timabowo, madzi n'kuthamanga pamwamba.

Kukonza kwake kumatenga zaka, osati nyengo imodzi, ndipo aliyense wokuuzani zosiyana ndi zimenezi ali ndi chimene akugulitsa.

- Lekani kutentha mapesi posoosa. Yalani pamwamba kapena kwirirani pakati pa mizere.
- Chepetsani kugalauza. Ngati ulimi wa mleranthaka ukukukanikani munda wonse, yambani ndi kachigawo, kapena sungani mizere yomweyo n'kumangoikonza.
- Pamene pali nthaka yolimba, iswenipo kamodzi ndi maenje obzalamo kapena khasu lolowa pansi, kenaka musiyire mizu ya nandolo ipitirize.
- Pakhale muzu wamoyo nthawi yaitali. Kuyambira Meyi mpaka Novembala minda yathu yambiri imakhala yopanda kanthu, ndipo maikoraiza amangodikira ngati timbewu kapena m'zidutswa za mizu youma. Nandolo amakhala wamoyo mpaka mkati mwa chilimwe. Msangu ndi gilisidiya samafa n'komwe.

Kasakaniza wa nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, wotsatidwa ndi chimanga chaka chinacho, anayesedwa ndi alimi a ku Linthipe ndi ku Golomoti, komanso a ku Kandeu ndi ku Nsipe ku Ntcheu, pansi pa ntchito ya kafukufuku wa ulimi yotchedwa Africa RISING. Si chinthu chachilendo kuno, ndipo alangizi akuchidziwa.

Vuto lenileni la zophimbira ndi nandolo tonse tikulidziwa: mbuzi ndi ng'ombe zikamasulidwa anthu akangokolola, ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Izi munthu mmodzi sangazithe. Zimafuna kuti amfumu ndi mudzi wonse agwirizane malamulo, apo ayi mudzakhala mukuyala mapesi a ziweto za eni.

## Kaufiti akuchuluka chaka ndi chaka

Choyambitsa choyamba ndi chimanga kapena mapira pamalo amodzi chaka chilichonse, pa nthaka yoguga. Chachiwiri ndi kumusiya kaufiti achite maluwa: tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi, zimene zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10. Chachitatu ndi njere zobwera ndi madzi, makasu kapena ziweto kuchokera kwa anansi.

Mafangasi akulowa apa mwa njira yodabwitsa. Chimanga chikasowa fosifolasi ndi nayitrojeni, mizu yake imatulutsa timadzi toitana maikoraiza kuti abwere. Njere za kaufiti zimamva timadzi tomweto, n'kumera. Mbewu yanjala imaitana kwambiri, ndipo ngati mafangasi palibe, woyankha ndi kaufiti. Muzu umene mafangasi alowamo kale, kapena umene wadya mokwanira, umachepetsa kuitanako.

- Zulani kaufiti asanachite maluwa. Wamaluwa kale mutulutseni m'munda n'kumutentha. Musamuike pa kompositi.
- Sinthanitsani ndi soya, mtedza kapena thonje. Mizu yawo imameretsa njere za kaufiti wa chimanga koma iye sangayamwepo, ndiye amafa.
- Manyowa ndi feteleza zipite pamalo pamene kaufiti wachuluka, osati pamene chimanga chikuchita bwino kale.

Samalani ndi kaufiti wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amayamwa khobwe, mtedza ndi soya. Mukamuona, kasinthasintha wanu ayenera kukonzedwanso ndi mlangizi. Ku Kenya alimi ena akugwiritsa ntchito mtundu wina wa Fusarium oxysporum wopha kaufiti yekha, pomwe abale ake a fangasi yomweyo ndi amene amafotetsa tomato ndi nyemba. Musaweruze fangasi ndi dzina la banja lake.

## Nyemba, soya kapena mtedza zachita chikasu, kapena zikufa zikadali zazing'ono

Zulani mbewu zingapo ndi khasu, osati pokoka, mutsuke mizu m'ndowa.

- Palibe timibulu pamizu, kapena tilipo koma m'kati ndi toyera. Timibulu togwira ntchito timakhala tofiirira m'kati mukatiphwanya. Amene amapanga timibulu ndi mabakiteriya, osati mafangasi, ndipo ndi amene ali mu inokulanti, mankhwala opaka ku mbewu ya soya pobzala, monga Nitrofix. Koma timibulu timadya fosifolasi wambiri, choncho pa nthaka yopanda fosifolasi ndi maikoraiza inokulanti yekha sathandiza mokwanira.
- Tsinde la nyemba latupa kapena lang'ambika pafupi ndi nthaka, m'kati muli kamphutsi. Iyi ndi ntchentche ya nyemba. Bzalani msanga ndipo kwezerani dothi patsinde kuti litulutse mizu ina.
- Mizu yawola, yaderako kapena yafiira. Amenewa ndi mafangasi oipa ndi abale awo, monga Fusarium, Rhizoctonia ndi Pythium, amene amakula mphamvu pamene nyemba zikubzalidwa malo amodzi mobwerezabwereza, pa nthaka yodikha madzi. Nthaka yokhala ndi manyowa owola bwino imasunga Trichoderma ndi ena owapikisa. Sinthani malo, kwezani mizere, thirani kompositi yopsa osati ndowe zaziwisi.
- Mizu ili ndi zotupa zosachoka mukazikanda. Timibulu tabwino timathothoka, koma zotupa za manematodi ndi muzu womwewo umene wafufuma.

## Nkhungu yoyera pansi pa zophimbira kapena pa kompositi

Anthu ambiri amaopa apa n'kutentha mapesi onse. Kawirikawiri palibe vuto. Ulusi woyera woyala pa mapesi onyowa, wonunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango, ndi wa mafangasi owoletsa, ndipo ndi amene mukuwafuna.

Woopsa ndi uyu: ulusi woyera wokuta tsinde la mbewu yamoyo pamene lakhudzana ndi nthaka, mbewuyo n'kufota mwadzidzidzi, ndipo pa ulusipo pali timibulu tolimba tofanana ndi njere za mpiru, toyamba toyera kenaka tofiirira. Ameneyo ndi Sclerotium rolfsii, wokonda mtedza, nyemba ndi tomato. Zulani mbewuyo ndi dothi lozungulira, mukatenthe kunja kwa munda. Zophimbira zisagunde tsinde. Pamalopo bzalani chimanga kapena mapira zaka zingapo.

Kompositi ikatuwa m'kati ngati phulusa, yauma ndipo yatentha kwambiri: thirani madzi n'kutembenuza. Mapesi akakhala osawola mpaka mvula ina, nthawi zambiri n'chifukwa chouma komanso kusowa kwa zobiriwira. Sakanizani ndi masamba a nandolo, gilisidiya kapena ndowe.

## Chuku pa mtedza ndi chimanga

Chuku chimachokera ku fangasi ya m'nthaka yotchedwa Aspergillus flavus, imene imatulutsa poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi. Zoyambitsa, kuyambira chofala: kuumitsa kosakwanira ndi kusunga ponyowa, kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, ng'amba ya kumapeto kwa nyengo imene imang'amba makoko mtedza uli pansi, mabala a chiswe, tizilombo ndi khasu pokumba.

Bzalani ndi mvula yoyamba, pangani ngonyeka kuti chinyezi chikhalitse, kumbani pa nthawi yake, umitsani mtedza usanathotholedwe ndipo usagone pa dothi. Palinso Aflasafe, wopangidwa ndi bungwe la kafukufuku wa ulimi la IITA. Ndi Aspergillus flavus yemweyo koma wa mitundu yosatulutsa poizoni, amene amamwazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, makilogalamu 10 pa hekitala, kuti alande malo a woipayo. Funsani mlangizi ngati akupezeka kwanuko.

Mtedza wachuku musausinje nsinjiro, musaupatse nkhuku kapena nkhumba, musaphikire mowa. Kukazinga ndi kuphika sikuchotsa poizoniyu.

## Mbande za masuku kapena paini zikungokhala osakula

Yambani ndi zodziwika: madzi ochuluka kapena ochepa, machubu aang'ono, mbewu ya masuku yokhalitsa, pakuti imafa msanga ikauma. Zonsezi zikakhala bwino koma mbande zili zachikasu ndi zopinimbira, ganizirani dothi limene munadzaza m'machubu. Mitengo iyi imadalira mafangasi okuta mizu, amene mulibe m'dothi la m'munda wa chimanga. A zankhalango amasakaniza dothi lapamwamba la pansi pa mitengo yaikulu ya mtundu womwewo, ndipo inunso chitani chomwecho: pang'ono chabe pa chubu chilichonse, lotengedwa pansi pa msuku wathanzi ngati mukufesa masuku, pansi pa paini ngati mukufesa paini. M'nkhalango zotetezedwa monga ya Chongoni musakumbe popanda chilolezo.

Amene akudandaula kuti ndelema ndi manyame zasowa pafupi ndi mudzi ayang'ane zitsa. Bowa ameneyu samera pa manyowa kapena pa utuchi, amafuna mizu yamoyo ya mombo, mchenga ndi masuku. Mitengo ikapita ku makala, bowa amapita nayo. Zitsa zikasiyidwa kuti ziphukire, n'kutetezedwa ku moto wa mu Okutobala, mizu yake imakhalabe ndi mafangasi ake.

## Munagula mankhwala a mafangasi othandiza koma palibe chasintha

1. Anafa asanafike kwa inu. Ndi zamoyo, ndipo paketi yokhala padzuwa kapena m'sitolo yotentha miyezi yambiri imangotsala ufa. Onani tsiku lothera ntchito ndi malo amene amasungidwa.
2. Sanakhudze muzu. Maikoraiza omwazidwa pamwamba alibe ntchito, ayenera kulowa m'dzenje limodzi ndi mbewu kapena mbande.
3. Anakumana ndi mankhwala ophera mafangasi. Owopsa kwambiri ndi othiridwa m'nthaka ndi olowerera m'mbewu, monga a carbendazim. Alimi a mbatata ya kachewere ndi tomato sangasiye Dithane kapena Ridomil pa chiwawu, ndipo sindikuwauza kuti asiye. Poperani masamba pa mlingo wolembedwa, osati mpaka mankhwala azichucha pansi, ndipo otsala mu sipuleya musakhuthulire m'munda.
4. Nthaka ili ndi fosifolasi wambiri kale, monga m'madimba olandira D Compound wochuluka chaka chilichonse. Mbewu yokhuta siwalola mafangasiwa. M'minda ya chimanga ya kumtunda vuto limeneli n'losowa, choncho musachepetse feteleza wanu wochepa kaleyo poganiza kuti mukuteteza mafangasi.
5. Munathira pa kabichi kapena mpiru.
6. Munda unali nawo kale okwanira, ndipo vuto lake ndi lina.

Maganizo anga ndi akuti kwa mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri, ndalama imeneyo ikapita ku mbewu ya nandolo kapena soya imabweza zambiri. Ngati mukufunabe kuyesa, siyani mizere ina yosathira pambali pake kuti pokolola muyerekeze.

Mungathenso kuchulukitsa a kwanu komweko, amene anazolowera kale nthaka ndi dzuwa lanu. Tengani dothi lapamwamba ndi timizu take pamalo angapo osalimidwa, pansi pa udzu ndi zitsamba zosiyanasiyana, kuti mupeze mitundu yambiri. Sakanizani ndi mchenga m'thumba kapena pa kabedi, mufesemo mapira kapena chimanga pamodzi ndi nyemba, osathira feteleza. Pakatha miyezi itatu lekani kuthirira kuti ziume, dulani zapamwamba, duladulani mizu n'kuisakaniza ndi dothilo. Dzanja limodzi pa dzenje kapena pa chubu likwanira. Njira imeneyi ndi yoyenera ku nazale, ku dimba ndi pamalo okokoloka, osati munda wonse. Chenjezo lake ndi lakuti dothi limanyamulanso njere za kaufiti, manematodi ndi matenda. Musatenge pamene munaonapo zimenezi, ndipo mizu ya m'thumba ikatuluka yotupa kapena yowola, tayani zonse.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana odziwa

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati wina wadya bowa n'kuyamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena kubwebweta, ndipo tengani bowa wotsalayo. Bowa woopsa kwambiri amatha kukhala maola 6 kapena kuposerapo asanaonetse chizindikiro, ndipo wodwala amaoneka ngati wachira chiwindi chikuwonongeka. Bowa womera pa zophimbira kapena pa kompositi musadye chifukwa choti wamera m'munda mwanu. Kudyedwa ndi tizilombo si umboni woti ndi wabwino kwa munthu. Chimodzimodzi ngati mankhwala opopera akuchititsani chizungulire kapena kubanika: tengani botolo lake.

Itanani mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), kaya ndi ku Linthipe, Lobi, Mayani, Bembeke kapena Golomoti, ngati:

- mbatata ya kachewere kapena tomato zikufota zikadali zobiriwira nthaka ili yonyowa. Dulani tsinde, mulendeweretse m'tambula ya madzi oyera. Mukaona utsi woyera ukutsika kuchokera podulapo, ndi matenda a bakiteriya, ndipo palibe mankhwala a mafangasi amene angathandize. Mbatata ya m'munda umenewo isakhale mbewu;
- mbewu zikufa ndipo dera lakufalo likukula sabata ndi sabata;
- mukuganiza zothira laimu. Mlingo wake umadalira zotsatira za kupima, ndipo wochuluka amabisa zinki;
- mwakonza zonse zili pamwambazi nyengo ziwiri koma zizindikiro zilipobe;
- wina akukugulitsani mankhwala ophera matenda kapena tizilombo opanda chizindikiro choti analembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala otere.

Kuona ngati maikoraiza alowa m'mizu kumatheka ku labotale kokha, kumene amapaka mizu utoto n'kuiyang'ana pa maikulosikopu. Kupima asidi ndi michere ya m'nthaka kumachitika ku malo a kafukufuku monga Chitedze ndi ku Bunda, ndipo mlangizi angakuuzeni njira yotumizira ndi mtengo wake. Alimi a kalabu imodzi akasonkhanitsa dothi lawo ulendo umakhala umodzi.

Potenga dothi lokapimitsa, yendani mokhotakhota m'munda, mukumbe malo 10 mpaka 15 kuya kwa masentimita 20, kupewa pachulu, pamene panatenthedwa zinyalala ndi pamene panaunjikidwa manyowa. Sakanizani m'ndowa yoyera imene simunaikemo feteleza, mutapepo theka la kilogalamu, muumitse pamthunzi. Dothi la pamalo odwala likhale m'thumba lakelake, la pamalo abwino lakelakenso. Pa pepala lembani dzina, mudzi, mbewu zimene zinalimidwapo zaka zitatu zapitazi, ndi feteleza kapena manyowa amene munathira. Ngati mukutumizanso mbewu yodwala, sankhani imene yangoyamba kumene kudwala osati yakufa kale, muikumbe ndi mizu ndi dothi lake, ndipo ifike kwa mlangizi tsiku lomwelo.